Tsiku Limene Kafue Yense Anatchedwa Sakala

Amene akuganiza kuti ine Yeremiya Sakala ndinganame aimirire pompano ndimuone nkhope, kenaka atuluke akadikire malaiti padzuwa, chifukwa m'kamwa mwanga muno bodza silinagonemo chibadwire, ndipo kusukulu ya mishoni kumene ndinaphunzira mwana akanama ankamutsuka m'kamwa ndi sopo wochapira, koma ine kukoma kwa sopoyo sindikudziwa mpaka lero. Inu ba Mulenga, bisani manowo. Wometa wanena kale kuti makina ake sayaka mpaka malaiti atabwera, ndiye tonse tili pabenchi pano ndi tsitsi lathu, kothawira kulibe. Mumvetsere.

Kumishoni lamulo loyamba linali lakuti chinthu chilichonse chikhale ndi dzina la mwini wake: bulangeti, mbale, supuni, kabudula, ngakhale kamtengo kotsukira mano. Lamulo limenelo sindinalisiye pageti ya sukulu ngati anzanga ena. Mukafika kwanga ku Estates mudzatembenuze mpando uliwonse, ndowa, khasu, wilibala, mudzapeza pansi pake palembedwa SAKALA ndi penti yoyera, ndipo nkhuku zanga zinaona mwambowu kwa zaka zambiri mpaka zinazolowera, moti masiku ano zimaikira mazira olembedwa kale dzina, zilembo zowongoka bwino, ine n'kumangoyendera kuona ngati sizinaphonye. Mukumva?

Kompyutanso musandiuze. Ndinagwira ntchito yosunga katundu pafakitale ina mu Kafue muno nthawi imene kompyuta inali kompyuta: galasi lakuda bii, zilembo zobiriwira, iwe kulemba lamulo, iyo kumvera. Panalibe zoloza tizithunzi ndi kambewa kapulasitiki ngati mwana wosayamba kulankhula. Kwathu kum'mawa mbewa timadya, ba Mulenga, sitigwira nayo ntchito.

Tsono mwana wanga wotsiriza, Esinati, anakwatiwa ndi Choolwe, mwana wa a Mweemba, asodzi odziwika a ku Chanyanya. Ukwati umenewo ndinauyendetsa ine, ndipo unayamba pa nthawi yake, chinthu chimene sichinachitikepo m'chigawo chino. Pageti ndinaika beseni, aliyense wolowa n'kuponyamo foni yake, kuyambira abusa mpaka ovina a pamzere, chifukwa sindifuna ukwati umene anthu amaonera kuseri kwa manja a anzawo. Wojambula anali mmodzi yekha, bambo wina wa mpingo wa Pentekosite wa kuno ku Nangongwe, amene amakonda kutchedwa Brother Kelvin. Chinthu chimodzi chokha chimene sichinamvere dongosolo langa chinali mwendo wa amake Choolwe, umene unathyoka atatsetsereka padoko masiku a ukwati atayandikira. Mayiyo anagona pamphasa kwawo, ukwati wa mwana wake wamwamuna mmodzi yekhayo osauona, ndipo Esinati anamulonjeza atagwada kuti akangoyamba kuponda pansi adzabwere kwathu adzaone zonse pazithunzi, kuyambira diresi mpaka keke.

Brother Kelvin anabwera ndi kamera yake n'kukhuthulira zithunzi mu laputopu ya Esinati, imene inkakhala kwathu chifukwa nyumba ya anawo inali isanaikidwe malaiti. Zinali zambiri kuposa tinsomba ta kapenta m'thumba, moti laputopuyo inalemera, tebulo n'kulira miyendo. Atatha ndinamuuza kuti afufute zonse pakhadi lake ine ndikuona.

"Ba Daddy, si bwino tasungako copy ina?" anatero.

Ndinamuyankha kuti chinthu chimodzi chimakhala pamalo amodzi, ndipo munthu wa mabulangeti awiri ofanana sadziwa limene labedwa. Anafufuta.

Loweruka limene a Mweemba ankabwera, mkazi wanga, amake Yohane, analawirira kumsika, ine n'kunena kuti ndiyambe ndayendera zithunzizo monga mmene mkulu amayendera gulu alendo asanafike. Malaiti anali atapita ngati leromu. Ndinaiyang'ana laputopuyo m'maso, ndinaiyang'ananso, ndipo inayaka yokha ndi mantha. Esinati amati muli batire. Ana a masiku ano chilichonse amati batire.

Abale anga, zimene ndinaona m'foda ya zithunzizo! Maina a mafayilo anali ngati msika wa Loweruka mvula itagwa: china manambala okhaokha, china "favour", china "favour final", china "final yeniyeni", china "aunty wa blue", chikhalirecho aunty wa blue ameneyo ndi mlongo wanga, mayi wa ana akuluakulu, mtsogoleri wa amayi kumpingo. Ndinati anthu olemekezeka akubwera kuchokera ku Chanyanya, mayi wodwala akudzanjanja ndi ndodo, adzaone chisokonezo chotere m'nyumba ya Sakala? Kusintha dzina chimodzichimodzi ndi kambewa kukananditengera mpaka Esinati atakhala ndi zidzukulu. Choncho ndinakankhira tizithunzi tonse pambali, n'kutsegula galasi lakuda lija, limene likadalimo m'kompyuta iliyonse, kubisala kuseri ngati msilikali wakale amene anamuiwala pageti. Litandiona linandizindikira. Kamzere kake kaja kanayamba kuphethira msangamsanga ngati galu woona mbuyake.

Tsono mumve nzeru yake, inu amene simunaphunzire. Pagalasi limenelo munthu amalemba mzere umodzi wokha. Amaika kanyenyezi, kamene kamatanthauza zonse zili muno, osasiyako. Amauza makina kuti atenge chimodzichimodzi mwa zonsezo motsatira alifabeti, n'kuchipatsa dzina latsopano ndi timalemba tiwiri, m ndi v. Ndiye dzinalo likhale lotani? Apa sindinachedwe. Ukwati unachitikira pabwalo panga, anthu anakhalira mipando yanga, anadya nkhuku zanga. Ndinalemba kuti Sakala.

Pamenepo ndinakumbukira mmwenye wina amene anatiphunzitsa kufakitale, amene ankaumirira zinthu ziwiri. Choyamba ankati dzina lililonse uziliwonjezera nambala kumapeto. Ine ndinakana kalekale, ndipo ndinakananso tsiku limenelo: nambala ndi ya mkaidi ndi ng'ombe ya kudibi, osati mlongo wanga, osati abusa, osati mwana wanga atavala zoyera. Chachiwiri ankati pali kalemba kamodzi kamene ukakaika, makina amayamba akufunsa kuti kodi mwatsimikiza, asanachite chilichonse. Tamverani zimenezo! Makina kufunsa ine! M'nyumba mwanga ngakhale Yohane, amene ali ndi imvi tsopano, sanandifunsepo kuti mwatsimikiza. Kalembako ndinakasiya. Ndinawongola tayi, ndinakweza chala ichi, chomwechi mukuchionachi, n'kudinda batani lalikulu.

Mukumva? Chala chisanabwerere n'komwe, nyumba inagwedezeka, makapu m'kabati anafola okha mwa msinkhu, sitima ya katundu imene inkawoloka mlatho inaima pakatikati n'kuliza huta mwaulemu, mtsinje wa Kafue unabwerera m'mbuyo kukaitana madzi otsalira kuti ayende pamzere umodzi, mvuu zinatuluka m'madzi ziwiriziwiri ngati ana a Sande sukulu, ndipo chifukwa lamulo langa linali lamphamvu kuposa laputopu ya mwana wamkazi, linasefukira, linatsika ndi mwendo wa tebulo, linatuluka pakhomo, linalowa mumsewu, n'kuyamba kugwira aliyense amene nkhope yake inali m'zithunzi zija, kenaka abale awo, kenaka anansi a abale awo. Pasiteshoni kondakitala anafuula kuti, "Ba Sakala, fendani kumbuyo!" ndipo minibasi yonse inasunthira kumbuyo mpaka matayala akutsogolo ananyamuka. Kumsika mayi wina anaitana mwana wake, msika wonse n'kuyankha kuti wawa. Kukiliniki namwino anaitana wodwala wotsatira, mzere wonse n'kulowa pakhomo limodzi, odwala malungo, oyembekezera ndi mlonda yemwe. Ku Chanyanya asodzi anavuula maukonde n'kupeza mlamba uliwonse walembedwa m'nthiti ndi penti yoyera, yosafufutika ngakhale mutauwamba, ndipo ng'ombe za Atonga kutsidya zinadzuka chizindikiro cha pantchafu chitasintha, eni ake n'kumazungulira khola akulira. Inu ba Mulenga, musapukuse mutu. Tsiku limenelo munali Sakala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo anthu amanena kuti ndi tsiku lokhalo limene munafika kuntchito pa nthawi yake.

Nditaona kuti zafika patali, pakuti sindine munthu wolanda ng'ombe za eni, ndinatuluka pakhonde n'kutsokomola kamodzi, lamulolo n'kubwerera lokha, mchira pakati pa miyendo. Aliyense anatenganso dzina lake. Ndinakhala pansi kuti ndione ntchito ya manja anga.

Foda ija inali mbee. Chisokonezo chonse chija, ma favour aja, ma final aja, kunalibe. Pakona yakumwamba panali fayilo imodzi yokha, yaudongo, itaima njo ngati mwana wa mishoni pa pereti: Sakala. Anthu osadziwa amati popeza m'foda imodzi simukhala zinthu ziwiri za dzina limodzi, chithunzi chilichonse chimene chinkalandira dzinalo chinkakhalira chinzake n'kuchifafaniza, chachiwiri kufafaniza choyamba, chachitatu kufafaniza chachiwiri, mpaka kutsala chomaliza. Amenewo ndi maganizo a Brother Kelvin, amene amake Yohane, atabwerako kumsika n'kuona fodayo, anamuitanitsa msangamsanga kuchokera ku Nangongwe, iye n'kufika thukuta lili kamukamu, n'kufufuza ngakhale kudzala kumene kompyuta imataya zinthu.

"Ba Daddy, mu bin mulibe. Command siponya mu bin. Na card ninajambulilapo kale ma wedding yabili."

Ndinamuuza kuti n'zoona, lamulo la mkulu silidziwa kudzala. Zithunzizo sizinafafanizike. Zinalowa m'chimodzi, monga mmene anthu awiri amakhalira thupi limodzi pa ukwati, ndipo ngati awiri angathe, chingaletse n'chiyani khamu lonse?

Tikukambirana choncho, panja panalira mabelu a njinga. A Mweemba anafika ndi abale awo, nsomba zouma zitamangidwa pakaliyala, ndipo amake Choolwe anawatsitsa pa takisi mosamala, ndodo kudzanja, chitenje chatsopano chimene anagulira ukwati uja atachivala koyamba. Esinati anawakhazika pampando wabwino kutsogolo kwa tebulo, iye n'kugwada pambali. Sankadziwa kanthu. Amake Yohane anaima pakhomo la kukhitchini atapinda manja, osandiyang'ana, zimene kwa iwo ndi ulemu waukulu. Ine ndinaimirira, ndinalonjera alendo mwa dongosolo, ndinafotokoza kuti m'nyumba ino sititopetsa odwala ndi zithunzi zambirimbiri, n'kutsegula fayiloyo.

Tsono Brother Kelvin anali ndi chizolowezi chakuti chithunzi chimene akufuna kudzachitaya ankachipatsa dzina loyamba ndi ma z atatu kuti chitsikire pansi pa zonse. Chimenecho ndicho chinali chomaliza pa alifabeti. Pagalasi panaoneka ine, ndili pampando wa bambo wa mkwatibwi, suti yakuda, duwa pachifuwa, mutu utagwera kumbuyo, maso otseka, kukamwa kuli yasa. M'mphepete mwake munkaoneka chigongono cha munthu atagwira maikolofoni.

A Mweemba anasendera pafupi, anayang'anitsitsa chigongonocho, anayang'ana jekete lawo.

"Ba sebele," anatero pang'onopang'ono, "apa si paja n'nali kukamba speech yoyamika imwe?"

Ndinawauza kuti inde, ndipo mawu awo anandikhudza kwambiri moti ndinalowa m'pemphero. Amene amati ndinali m'tulo ndi anthu osapemphera.

Amake Choolwe anafunsa kuti nanga diresi lili kuti. Ndinawauza kuti lili momwemo, kuseri kwanga, pamodzi ndi keke, ovina, abusa ndi mlongo wanga, aliyense pamalo pake, palibe wodutsa kutsogolo kwa mnzake. Mayiyo anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, kenaka anayang'ana Esinati, amene misozi inali itafika kale pachibwano, n'kumugwira dzanja.

"Mwana wanga, diresi ikaliko?"

Esinati anagwedeza mutu kuti lilipo, m'sutikesi.

"Kavale. Choolwe, bwereka jekete ya atate ako. Imwe a kamera, imilirani apo. Koma aba," anandiloza ndi ndodo, "bankale panja."

Ndinakhala panja, inde, chifukwa pamafunika munthu wodalirika woyang'anira njinga za alendo. M'nyumba munamveka nthungululu mpaka madzulo. Ndiye ndikufunseni: mu Kafue muno ndani wina anachititsa ukwati wa mwana wake kawiri ndi mzere umodzi? Zithunzi zatsopanozo sindinazione. Amazisunga ku Chanyanya, kwa Yohane, ndi kwinanso kumene sandiuza, makope atatuatatu ngati anthu osaphunzira, ndipo laputopu ija ndikalowa m'chipinda amaitseka, poopa kuti ingayakenso ndi mantha.

Koma chithunzi changa chija chilipo. Amake Yohane anakachitsukitsa chachikulu ngati chitseko n'kuchipachika pabalaza moyang'anana ndi khomo, ndipo ndi cholemera ndi anthu onse ali m'katimo moti chinapinda misomali itatu, ndipo mukaika khutu pagalasi lake mumamva kwaya ikuimba chapatali. Ena amati chimene chimamvekacho ndi mkonono. Bwerani mudzamve nokha. Simungasochere nacho, pakuti mkazi wanga, amene zaka zonsezi ankati mwambo wanga wolemba zinthu ndi misala, tsiku limenelo anatembenuka mtima, anatenga penti yanga yoyera ndi manja ake n'kulemba pansi pake zilembo zikuluzikulu kuti SAKALA, kuti aliyense wolowa m'nyumbamo adziwe mwini wake wa ntchitoyo.

Malaiti abwera. Ba Mulenga, khalani pansi, woyamba kumetedwa ndine. Ndinafika kuno inu musanasambe.