Chofunda cha Mwana wa Abiti Jafali

Nkhani iyi ndakhala ndikuyibisa, koma poti amayi a ku Malemia akuyifalitsa kale ndi zowonjezera zawo, bola ndiyinene ndekha mwini manyazi.

Ine ndine telala, ndimasoka pa Domasi. Gulu lathu la amayi linalandira makina aakulu osokera zofunda za zigamba, aja amati longarm. Ndi chimakina chachitali ngati bedi. Umayala nsalu yapansi, thonje pakati, nsalu ya zigamba pamwamba, kenako n'kugwira zigwiriro ziwiri, singano n'kumayenda kulikonse kumene manja ako afuna.

Mphunzitsi amene anabwera kuchokera ku Blantyre anatiuza mawu amene anandilowa m'mutu ngati mowa.

"Izi timati freeform. Palibe mzere wolakwika. Kasitomala akakupatsani chojambula, ngakhale chioneke ngati mapazi a nkhuku, inu muonemo luso."

Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kudzitcha telala. Ndinali designer.

Kasitomala wanga woyamba anali Abiti Jafali, mayi wolemekezeka amene amagulitsa mpunga ndi nyemba pamsika. Mwana wawo, Shakira, ankakwatiwa, ndipo ankafuna kumupatsa chofunda pa bridal shower.

"Amake Tadala, ndikufuna chinthu choti anthu akachiona akhale chete," anatero.

"Mwafika pamalo pake, mayi. Mukaganiza design imene mukufuna, mujambule papepala munditumizire pa WhatsApp."

"Chabwino. Koma mudzabweretse nokha kunyumba pa tsikulo, anthu akuoneni."

"Kwanuko sindikudziwako."

"Zimenezo musadandaule."

Patapita masiku awiri, foni inalira. Chithunzi! Pepala la m'kope, lojambulidwa ndi bolopeni, lopanda liwu ngakhale limodzi. Pamwamba mzere wonenepa. Kuchokera pamenepo kamzere kokhotakhota kotsika mmunsi, kodutsa pakati pa mizere iwiri yoyenda ngati njoka. Penapake chozungulira chachikulu. Penapake kabokosi kothethedwa. Kumapeto kanyenyezi.

Ndinachiyang'ana nthawi yaitali. Ndinatembenuza foni chadodolido. Kenako ndinagwedeza mutu ngati munthu wozindikira.

Amuna anga anasuzumira. "Kodi chimenechi si..."

"Abambo, inu mumadziwa za njinga. Izi ndi za art."

Anangopita kukapopa tayala.

Komabe, designer weniweni amafunsa. Ndinawayimbira Abiti Jafali. Netiweki ya m'chigwa muno mukuyidziwa, mawu amabwera modukaduka.

"Mayi, chithunzi ndachiona. Chokongola zedi!"

"Chokongola? Aaa, ndangokhwatchakhwatcha, bola chikuthandizeni."

Kudzichepetsa kwa anthu aluso, ndinatero mumtima.

"Ndiye ndiyambire pati?"

"Muyambire pamzere wonenepawo, muzitsika. Njira yake ndi imeneyo."

Njira! Njira ya banja, yokhotakhota, ya zokwera ndi zotsika. Mayi ogulitsa nyemba koma nzeru zakuya chonchi!

"Nanga mizere iwiri yangati njokayi?"

"Pamenepo musamale, ambiri amaterereka."

Ndinalemba: pamenepa singano iyende pang'onopang'ono.

"Chozungulirachi?"

"Mukafika pamenepo mukhotere kumanzere."

"Kabokosi kothethedwaka?"

"Iii, apo musachedwepo! Mungodutsa msangamsanga, osayang'ana n'komwe."

"Kanyenyezi?"

"Ndiye pothera. Mukafika pamenepo, ife tidza..."

Foni inaduka. Ine ndinali nditamva zokwanira.

Ndinagwira ntchito sabata yathunthu. Ndinamata manyuzipepala pamodzi n'kukulitsa chojambulacho mpaka chinadzaza bedi lonse. Ndinachikopera pansalu ndi choko. Nsalu yapansi ndinasankha yoyera mbee, ulusi wofiira, kuti mzere uliwonse uwonekere patali. Magetsi akazima ndinkayeserera ndi chala m'malere, amayi anzanga n'kumati ndikupemphera.

Koma kabokosi kaja kankandipweteka mtima. Kanali kokhakokha, kosauka. Kasitomala anati ndisachedwepo, inde, koma designer ndani pano? Ndinakazunguliza ndi timitima. Timitima khumi ndi tiwiri, ndi timaluwa pamwamba. Pachofunda chonse, malo okongola kwambiri anali amenewo.

Loweruka la shower linafika. Ndinavala chilundu changa chatsopano, chofunda ndinachikulunga bwinobwino, n'kuyimitsa wanjinga yamoto.

"Kwa Abiti Jafali, ku Malemia. Mukudziwako?"

"Ndani sadziwako? Kwerani."

Tinasiya msewu wa tala n'kutsika ndi kanjira kokhotakhota. Tinawoloka mtsinje pakamlatho ka mitengo koterera. Tinafika pa mtengo waukulu wa mango, n'kukhotera kumanzere. Mtima wanga unayamba kundiuza kuti malo ano ndikuwadziwa, chonsecho sindinapondeko chibadwire. Ndinati mwina ndinalotako.

Kenako tinadutsa pakanyumba kena, azibambo atakhala pamabenchi ndi timabotolo, wina akuvina wopanda nyimbo. Wanjinga anawonjezera moto.

"Apa sitichedwapo, mayi. Amatcheza kachasu."

Mawu amenewo ndinali nditawamvapo penapake. Koma ndinali kalikiliki kukonza sipitchi yanga m'mutu.

Pabwalo panali podzaza. Amayi a mipango yawo yonyezimira, amayi a kumpingo, achibale a mkwati atakhala kutsogolo pamipando. Shakira anali pakati, atazolika mwaulemu. Nthawi ya mphatso itakwana, Abiti Jafali anandikodola.

Ndinatenga maikolofoni.

"Amayi ndi atsikana, chimene muone apa si bulangete wamba. Iyi ndi custom design. Anajambula ndi manja awo mayi a mkwatibwi, ine ndangoyipatsa moyo. Dzina lake ndi Njira ya Banja!"

Abiti Jafali anakweza nsidze. "Ndinajambula ine?"

"Musadzichepetse, mayi. Tambasulani!"

Amayi anayi anagwira m'makona n'kutambasula, mbali yoyera kuloza kwa anthu.

Anthu anakhaladi chete. Ndinaimika khosi.

Kenako mayi wina wachikulire anadzuka, n'kuyandikira, n'kuloza ndi chala.

"Kodi uwu si msewu wa ku Liwonde?"

"Ndi womwewo!" anayankha wina. "Taonani mtsinje uwu. Apa ndi pamlatho pamene ndinagwa ndi thumba la chimanga!"

"Mango aja ndi awa!"

"Kanyenyezika ndi pano takhalapa!"

Abiti Jafali anagwira pakamwa.

"Amake Tadala! Aja anali mapu! Munati kwathu simukudziwako!"

"Nanga... nanga design?"

"Design ndinaiwala kutumiza! Ndimati mungosoka maluwa!"

Ndikanakonda nthaka ikanang'ambika pomwepo. Koma mayi wachikulire uja anali asanamalize ulendo wake. Chala chake chinatsika ndi kanjira, chinakhota pa mango, n'kuima.

"Nanga apa pali timitima tambirimbiripa ndi pa ndani?"

Bwalo lonse linawerama kuyang'ana. Wina anayamba kuwerenga nyumba ndi zala. Ndiye kunamveka mfuu kumbuyo.

"Ndi pakachasu!"

Kuseka kumene kunabuka pamenepo, ndikukhulupirira kunamveka mpaka ku Malosa. Amayi ankagwetsana pamikeka. Wina mpango unagwa. Banja lopemphera, losayandikira n'komwe botolo, ine ndawasokera malo a kachasu atavekedwa maluwa ngati keke ya ukwati!

Ndinayesa kudziteteza pa maikolofoni. "Mu freeform mulibe mzere wolakwika..."

Zinangowonjezera moto.

Shakira, amene mwamwambo sankayenera kuonetsa mano, anali akunjenjemera mapewa, misozi ili mbwembwembwe. Anakoka chofundacho n'kuchikumbatira.

"Amama, ichi ndi changa. Wina asachimasule ulusi ngakhale umodzi."

Ndinayamba kupuma. Ndinati basi, ndapulumuka.

Pamenepo azakhali a mkwati anadzuka pang'onopang'ono. Anavala magalasi, anachiyendera chofundacho kuyambira kumsewu mpaka kukanyenyezi, kenako anatembenukira kwa Abiti Jafali.

"Asebere, ife tabwera kudzatenga mkazi. Mwana sanalowe n'komwe m'nyumba, inu mwamusokera kale njira yobwerera kwawo?" Analoza timitima tija. "Ndipo mwana wathuyo akadzabwera kudzapepesa, mwamusonyezeratu popumira!"

Amati kufunsa ndi kudziwa njira: ine ndinafunsa, njira ndinauzidwa, ndipo ndinayisoka ndi ulusi wofiira.