Kalata Imene Ndinawerengera Achemwali

Achemwali anga a Rozalina anandikhululukira kalekale, koma ine ndikakumbukira nkhaniyi nkhope imatenthabe. Ndingokuuzani, mwina ndipepukidwe.

Titangolandira ufulu, kwathu ku Mongue ndinkatchuka kuti ndimatha Chingerezi. Zoona zake n'zakuti ndinagula kabuku kothothoka masamba pamsika wa ku Limbuli, ndipo mbali yomwe inatsala yabwinobwino inali ya mawu a makalata. Ndinaloweza kuti "message" ndi uthenga, "inform" ndi kudziwitsa, "reply" ndi kuyankha. Anzanga ankangodziwa Chipwitikizi cha kumishoni, ndiye panalibe wonditsutsa (ngakhale ndikatsokomola ndinkati "sorry", kuti anthu asaiwale).

Alamu anga a Fabiano, amuna awo a achemwaliwo, ankathyola tiyi pa esiteti ina tsidya la Malawi, ndipo ankabwera mwezi ukatha. Mwezi wina sanabwere. M'malo mwake, bambo wina wogulitsa nsomba zouma panjinga anabweretsa kalata yotayipa yochokera ku ofesi ya esitetiyo. Achemwali anathamangira nayo kwa ine, mwana ali kumsana.

Ndinayamba ndasamba m'manja, kenako n'kukhala pampando. Mzere woyamba unali ndi "regret", amene sindinkamudziwa, koma pafupi naye panali "inform" ndipo mtima unakhala pansi. Kenako panalembedwa kuti "your husband is late". Ameneyo ndiye ndinkamudziwa bwino: kuchedwa. Mawu ataliatali apakati ndinawadumpha ngati zithaphwi, mpaka ndinakatera pa "reply" kumapeto.

Ndinawauza kuti alamu achedwa ndi ntchito, ndipo mabwana akufuna yankho. Achemwali anapuma mpweya wautali n'kuseka, amvekere mtima unali utayamba kale kuwagunda.

Ndikanasiyira pomwepo bwenzi zili bwinoko. Koma ndinaumirira kuti kalata ya Chingerezi imayankhidwa m'Chingerezi. Achemwali anandiuza zoti ndilembe: mwana wayamba kuyenda, chimanga chauma, ndipo pobwera asaiwale sopo, poti m'masitolo athu nthawi imeneyo munali mashelefu okhaokha. Za mwana ndi chimanga zinandikanika. Ndinangolemba kuti "No problem. Tell him bring soap", n'kusayina dzina langa m'zilembo zikuluzikulu (ndinajambulanso kamzere kokhota pansi pake). Wansomba uja anabwerera nalo yankholo.

Panapita milungu iwiri. Achemwali anazira m'nyumba, n'kupatula tambala woti akaphere amuna awo. Anthu akafunsa, ine ndiye ndinkayankha kuti ntchito ya tiyi ndi choncho, sitiyenera kuda nkhawa.

Lamlungu lina titatuluka m'tchalitchi tinapeza mlendo pakhonde pa achemwali, bambo wachikulire wovala jekete. Anali kalaliki wa pa esiteti paja. Pambali pake panali sutikesi ya alamu, bulangete lawo, ndi nsapato zawo zomangidwa pamodzi ndi luzi. Anafunsa kuti analemba yankho lija ndani. Ine ndinaimirira msanga, ndikuganiza kuti kwabwera kuyamikira.

Anandiyang'ana n'kuyankhula motsitsa mawu. "Achimwene, late ameneyu si wa kuchedwa. Alamu anu anatisiya ndi malungo. Tinadikira abale masiku awiri, kenako tinaika tokha. Mukanauyamba tsiku limene munalandira kalata, mukanawapeza tisanawaike."

Ndiyeno anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa sopo wamtanda, n'kumuika pasutikesi. Anati kalata inapempha, ndipo analibe mtima wobwera wopanda.

Achemwali anakhala pansi pomwe anaimapo. Ine ndinali chiimire, poti sindinadziwe kuti munthu wolakwa chonchi amakhala pati.

Mlungu wotsatira tinatenga chikalata choyendera n'kuwoloka pa Muloza kukaona manda. Njira yonse ndinkadikira kuti anditukwane, ndipo ndinkafunadi atatero. Sananditukwane. Atagwada pamtumbira n'kumaliza pemphero, anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje.

"Mchimwene," anatero, "ukanangonena kuti sukudziwa."

Mawu amenewo ndinaphunzira kuwanena ndili ndi ndevu kale, ndipo mpaka lero amandivuta kutuluka pakamwa. Anthu akandibweretsera pepala la Chingerezi ndimawerengabe, sindikunamizeni. Kungoti ndikafika pa liwu lachilendo ndimaimapo, n'kupita kukafunsa, ngakhale kukhale kutali.