Ndakatulo ya Chijeremani Yogonetsa Tadala

Lolemba, 9 Juni
Tadala wagona masana! Koyamba m'masabata atatu. Amugonetsa ndi alamu anga a Esnati, amene akuphunzira Chijeremani ku Lilongwe. Angomubereka n'kumaloweza ndakatulo ya mayeso awo, mwana zii. Abwerera ku Lilongwe Lamulungu. Ndiwabere mankhwalawa asanapite, apo ayi amake Tadala adzagwera m'chitsime kudimba ndi tulo.

Lachiwiri
Ndafunsa kuti ndakatuloyo imagwira bwanji ntchito. Akuti muli zitatu:
kugunda, liwu lolemera kenako lopepuka, ngati akazi awiri pamtondo umodzi;
mizere iwiriiwiri yothera mofanana;
mzere umodzi wobwerabwera.
Basi? Anthu mpaka kukwerera basi zimenezi!

Lachitatu
Ndaiyala pamphasa. Nyemba pa liwu lolemera, chimanga pa lopepuka. Mzere uliwonse nyemba zinayi, ndendende! Pa mzere wobwerabwera ndaika kachewere. Ndakatulo yonse ndikuiona ndi maso. Nkhuku zadya ndime yachiwiri.

Lachinayi
Chijeremani chikunditsamwa ngati munga wa nsomba. Ndapanga yanga, muyezo womwewo: "Kabichi wafota, Tadala gona, mbatata yaola, Tadala gona." Zonse zathera ndi a! Alamu aseka mpaka kugwira khoma. Tadala walira kuposa dzana.

Lachisanu
Ndabwerera ku Chijeremani. Ndagwada pamphasa, mwana pambali, chala panyemba, ndikung'ung'udza. Apongozi adutsa chapatali, aima, abwerera osafika kumene amapita. Uthenga wadzera kwa amake Tadala: "Mkamwiniyu akuombeza chiyani pa mdzukulu wanga?"

Loweruka
Akulu ampingo awiri afika ndi Baibulo. Ndalongosola za lolemera ndi lopepuka, akungondiyang'ana. Alamu aimirira n'kunena ndakatulo yonse kuti anditeteze. Tadala wagona pa mzere wachitatu, mkulu mmodzi pa wachisanu. Mlandu watha! Koma akuti nyemba ziphikidwe. Alamu akuti kuwerenga ndikukhoza, vuto ndimagunda ngati chigayo chifukwa cha mantha.

Lamulungu
Alamu akwera minibasi ya ku Lilongwe. Ndayesa komaliza, pang'onopang'ono, ngati munthu wopanda mantha. Tadala wamvetsera mizere iwiri, wandiyang'ana, wayambapo. Ndauza amake akagone kwa apongozi mpaka dzuwa lipendeke. Mwana ndamubereka ndekha, tikuzungulira nkhokwe. Akulira bwino ndithu: kanayi, kupuma, kanayi. Saphonya.