Sabata yomasula malume

Lolemba
Maphunziro a kuyunivesite adakali a pa kompyuta chifukwa cha Covid, choncho ndili ndi nthawi yolimbana ndi kupanda chilungamo. Ndikuyambira m'nyumba muno, m'dera la Old Airport, kuno kudziko la eni. Malume anga amagwira ntchito panyumba ina yosungira okalamba ku Al Duhail: kuwasambitsa, kuwadyetsa, kuwatembenuza pabedi. Chigawo chonse cha amuna, osamalira alipo atatu okha. Malume amabwera miyendo itatupa. Lamulo latsopano likulola wantchito wochokera kunja kusintha ntchito popanda chilolezo cha bwana. Zolinga zanga:
1. Malume achoke kumeneko.
2. Okalamba azisamalidwa bwino.

Lachiwiri
Ndikuwafotokozera lamulolo ndime ndi ndime. Agona ndili pa ndime yachiwiri. Ndajambula mawu anga pafoni kuti akamvetsere m'basi.

Lachitatu
Hotela ina ku The Pearl ikufuna alonda. Yankho la malume: "Nanga a Hajji aziwameta ndani? Wina akangowayandikira ndi lezala amamugenda ndi sopo." A Hajji ndi mmodzi wa okalambawo. Ndikuwakumbutsa kuti ndevu za munthu sizingapose ufulu wa wantchito. Akuti, "Inshallah, mphwanga." Sindikudziwa ngati kumeneko ndi kuvomera.

Lachinayi
Kalata yopita kwa akuluakulu a nyumbayo yatha ndipo ndaitumiza, masamba anayi, yopanda dzina. Mfundo: antchito ndi ochepa, ndipo ana a okalamba saloledwa kulowa chifukwa cha mliri, kotero palibe amene akuona. Malume akuti uthenga wanga wa pafoni uja sanaumvetsere, koma anautumiza kwa anzawo awiri aja, a Tembo a ku Chipata ndi a Mbewe, "kuti mawu ako asapite pachabe."

Lachisanu
A Tembo aimba kundithokoza. Amvetsera katatu. Iwo ndi a Mbewe apereka notisi, akupita kuhotela ija. Malume atsala okha.
Ndiyenera kukondwera, koma sindikumvetsa. Wantchito akachoka, ndi chilungamo. Wokalamba akasiyidwa, ndi nkhanza. M'buku lathu la kuyunivesite nkhani ziwirizi zili m'mitu yosiyana, ndipo sizikumana paliponse.

Loweruka
Kalata yanga yagwira ntchito! Akuluakulu akuti popeza anthu akudandaula, wosamalira wodalirika azigona komweko mpaka atapeza antchito ena. Wodalirikayo ndi malume. Ndikufufuza m'lamulo muja mawu oletsa zimenezi. Pakadali pano sindinawapeze.

Lamulungu
Kuno lero ndi tsiku la ntchito. Malume akulongedza chikwama: yunifolomu, mamasiki, mafuta opaka miyendo. Ndawaululira kuti kalata ija ndinalemba ndine. Akuti anadziwa, chifukwa bwana anatopa ali pa tsamba loyamba. Ndikufunsa chimene ndingachite kuti ndikonze zinthu. Aima pakhomo, atembenuka.
"Ndiwe mwana wabwino. Koma sabata ikubwerayi usandimenyere ufulu, ndipumeko kaye."
Ndavomera. Chikwama ndawanyamulira mpaka pa basi.