Paipi imene ndinayeza ndi lastiki

Lachisanu, Ogasiti, tili pa holide. Ndikulemba tsitsi lidakali lonyowa, ndipo atete, alongo awo a ababa, sakundilankhula.

Ababa akukonza bafa lathu kuno ku komboni ya pafamu. Aikamo sinki imene anagula ku Trelawney, ndipo paipi ya madzi yalowa kale pakhoma. Amene akufunitsitsa kuposa onse ndine. Ndatopa kupita ndi ndowa ku mpopi wa komboni, kumene anyamata amakhala pa njerwa n'kumandiitana kuti "Sisi Chete" (akuti sindiyankha, koma ndiwayankhe chiyani?).

Vuto linali limodzi. Kapaipi kofewa ka pansi pa sinki sikankafika pa paipi ya pakhoma. Dzulo ababa popita ku nazale za fodya anati, "Yeza mpatawo, ukagule kotalikirapo ku Darwendale."

Tepi yoyezera tilibe. Ndinatenga lastiki wa siketi yanga yakale, ndinamukoka bwinobwino kuchokera pakhoma mpaka pa sinki, n'kudula. (Ndinayeza kawiri kuopa kulakwitsa. Kawiri konseko ndikukoka.)

M'sitolo ndinangomuika pakauntala. Bambo wogulitsa anayang'ana lastikiyo, amene anali atabwerera mwakale, nati, "Kafupi chonchi? Sinki yake ndi ya zidole?"

Mumtima ndinadziwa kuti zavuta. Pakamwa panatuluka "Inde."

Kunyumba kapaipiko kanaperewera ndi chikhatho chathunthu. Sindinafune kuti ababa abwere atatopa n'kupeza zoterezi, choncho lero m'mawa ndinadula kachidutswa ka hosi yothirira kudimba kwa amayi, ndinalumikiza, ndinamanga ndi mphira wa chubu cha njinga mpaka zala kuwawa. Ngakhale dontho silinatuluke. Ndinadzitama ndekha. Ndinaiwala kuti kuno madzi amabwera pokhapokha akayatsa injini yothirira nazale.

Anaiyatsa masana. Nthawi imeneyo atete, amene abwera kudzacheza kuchokera ku Ruwa, anali atawerama pa sinkipo ndi tsitsi lawo latsopano.

"Tione mpopi wa achimwene ngati ukufika pa wathu wa m'tauni," anatero. Kenako hosi ija phuu!

"Maiwe! Iwe mwana, tseka! Tsekatu!"

Ndinalowa n'kugwira paipi ndi manja awiri, madzi anandimenya m'mphuno. Chotsekera madzi a mzere wonse wa nyumba zathu chili pa mpopi wa komboni paja. Ndinathamanga diresi litamatirira, opanda nsapato. Anyamata analipo onse. Chotsekeracho chinakana kuzungulira.

"Tandithandizani kutseka, msanga!" Ndinakuwa ineyo.

"Aa, Sisi Chete amalankhula!" anatero wina wamtali. "Tabwerezani, ena sanamve." (Anatseka ndithu, koma akuseka mpaka kugwira m'mimba.)

Ababa atabwera anayang'ana hosi, anayang'ana lastiki, anamukoka pang'ono n'kumusiya. Sanakalipe. Anangoti, "Basi mwanangu, nditsekeretu paipiyi. Tizitunga kunja mpaka tikamalize kuwokera fodya."

Kuwokera fodya n'kutali. Ndiye kuti miyezi yonseyo ine ndi ndowa pamaso pa anyamata aja, amene tsopano akudziwa ndi mawu anga omwe. Ayi.

Ndadula bango louma, ndayeza nalo, ndaliika pansi pa bedi. Mawa ndidzuka ababa asanapite ku nazale, ndiima pakhomo penipeni, ndipo ndiwapempha mokweza kuti anditumenso ku Darwendale.