Mizere Isanu ndi Mphuno Yanga

Lolemba

Zaka makumi atatu ndi zisanu zapitazo, ku Chipata, aphunzitsi Tembo anandipatsa pepala la timadontho takuda tokhala pa mizere isanu, ngati mbalame pa mawaya a magetsi. Iwo anakaima pawindo, kundifulatira. Ndinayimba nyimbo imene ndinali ndisanaimvepo.

N'chimene ndikufuna kupatsa ana a Giredi 5 kuno ku Kabwata: mwana atenge pepala, ayimbe yekha popanda womuyambira. A hedi, Mayi Mwansa, andibwereka chipinda chosungiramo madesiki othyoka, sabata imodzi yokha. Ana akawerenga nyimbo Lachisanu, chipinda n'chathu. Akalephera, ndibweza kiyi.

Ndili ndi choko, rula, kiyiyo, ndi ana makumi awiri ndi atatu.

Lachiwiri

Ndikulemba timadontho pa bolodi: do, re, mi, re, do. Ndisanatembenuke, ana akuyimba kale. Molondola! Ine zinanditengera miyezi itatu.

Kaya ana a masiku ano amabadwa akudziwa, kaya ndine mphunzitsi woopsa amene dziko linamuiwala. M'minibasi ndikumwetulira ndekha, kondakitala akundiyang'ana mokayika.

Lachitatu

Ndabwera ndi nyimbo imene ndaipeka m'mawa uno, sinamvekepo kwina kulikonse. Akuiyimba yonse. Ena akuikapo mawu apansi amene sindinalembe. Akuwawerenga pati?

Chinanso: woyimba bwino kuposa onse ndi Mutinta, kamtsikana kokhala kuseri kwa mulu wa madesiki. Pamenepo bolodi siioneka. Ndakhalapo ndekha kuti nditsimikize. Siioneka.

Ndapita ku ofesi kukapempha nthawi yokambirana ndi a hedi. Akuti ali ku msonkhano.

Lachinayi

Chimfine. Mphuno zatsekeka, mawu apita. Ndikulemba mzere wosavuta, wa Lachiwiri uja. Ndikutembenuka. Zii. Ndikuloza ndi rula. Zii. Nkhope makumi awiri ndi zitatu zikundidikira mwaulemu.

Mutinta akusuzumira kuseri kwa madesiki: “Ba ticha, yambani kaili. Mukamalemba mumaimba na mphuno, ise tikonkha chabe pambuyo panu.”

Ine? Kuyimbira m'mphuno? Ana onse akugwedeza mitu movomereza.

A hedi akadali ku msonkhano.

Lachisanu

A hedi afika, akhala pa desiki la miyendo itatu. Ndikulemba. Mphuno zikadali zotseka. Ana akuyang'ana bolodi ngati chikwangwani cha Chitchaina.

Kunja kondakitala akukuwa, “Tauni, tauni, awiri chabe!” Mutinta akutola mawuwo, akuwakweza, akuwakhotetsa. Anzake akulowa pansi pake. Ena akuomba madesiki othyoka. Ikutuluka nyimbo yathunthu ya minibasi yosadzaza, yokoma mpaka maso anga anyowa, kapena ndi chimfine. Pa bolodi sanatengepo kadontho n'kamodzi komwe.

Zimene ndinalonjeza a hedi:
kuwerenga nyimbo: palibe;
kupeka zawozawo: kulipo, koma sindinaphunzitse ndine;
kudziimira paokha: sanandiyang'ane n'komwe.

A hedi aimirira, asasa siketi. “Tizakamba,” basi, atuluka. Ndapambana kapena ndagwa?

Loweruka

Ndikufotokozera akazi anga uku akuyanika zovala. Sakudabwa. “Zaka makumi awiri mumayimbira m'mphuno, atate ake Chisomo. Powerenga nyuzi, pometa ndevu, ngakhale pa maliro a malume anu. Ndinkayesa mukudziwa.”

Kenako ganizo loipa likundifikira. A Tembo pawindo paja. Panali kaphokoso kena chapansipansi, kosaduka. Zaka zonsezi ndimati zinali njuchi za mu mtengo wa mango.

Lamlungu

Tabwerako kutchalitchi. Ndatulutsa pepala la a Tembo m'Baibulo, lachita chikasu, m'mopinda mwang'ambika. Ndatsina mphuno, ndaliyang'ana. Nyimbo ndikuimva bwinobwino, koma ikumveka m'mawu awo. Mwina nanenso ndinayamba ndi kutsatira munthu, kuwerenga kunabwera pambuyo, sindikudziwa kuti liti. Ankadziwa, mkulu uja? Palibenso womufunsa.

Masana foni yalira. Uthenga wa a hedi: mawa seveni koloko, ku ofesi kwawo. “Mubwele na kiyi, na Mutinta.”

Kiyi ndikumvetsa. Mutinta sindikumvetsa.

Ndasita shati, kiyi ndaika m'thumba la jekete. Akazi anga akuti ndayambanso kuyimba, ndipo ndi ya minibasi ija.