Tsiku limene ndinapulumutsa munthu wosadwala

Mpaka lero ndikamva lipenga likulira, manyazi amandigwira.

Ndinali nditangoyamba ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Swords, kufupi ndi Dublin, nthawi ija mzinda wonsewo unali makireni a zomangamanga okhaokha ndipo ntchito zinkachita kukuitana. Maphunziro a chithandizo choyamba anali adakali otentha m'mutu, ndipo ndinkangofuna poonetsera.

Masana ena ndikudutsa ndi tireyi ya tiyi, ndinamva phokoso m'chipinda cha a Dessie, nkhalamba yofatsa ya konkuno. Kusuzumira, ndinawaona atatsinzina, nkhope itafiira, kukhosi kukumveka ngati galimoto yokana kulira: "Gharr-ba-du-zaaa!" Pambali pawo panali bisiketi yoluma theka.

Tireyi pansi! Ndinaliza alamu, ndinawamenya phaa pamsana, kenako ndinawagwira chakumbuyo n'kuwafinya pamimba ndi mphamvu zanga zonse (ndinakula ndi mpini, musaiwale). Bisiketi siinatuluke. Anatuluka ndi mano oikirira, ulendo wa pansi pa bedi.

Anesi athu, mayi a ku Chipata, analowa akuthamanga. "Iwe, ufuna kupaya mudala? Sumvela nyimbo?"

Apo m'pamene ndinamva chimbale chikulira pakona.

Nditawatsukira mano aja, a Dessie anapuma kaye. "Mwana wanga, ndimayimbatu."

Ndiye anandifotokozera. Wa m'chimbalemo anali katswiri wa jazi wa ku America, woyimba komanso woliza lipenga, anamwalira kalekale. Mawu ake anali okhakhala ngati miyala m'chitini, ndipo mawu enieni akamuthera ankangoyimba zopanda tanthauzo, pakamwa n'kusanduka lipenga. Nyimbo imodzi sankayiyimba mofanana kawiri. (Ine jazi ndinkadziwa ya kwathu, ya banjo ndi babatoni.)

"Oliza malipenga onse anatengera kwa iyeyu," anatero. "Ndili mnyamata ndinamumva pa wailesi, n'kugulitsa njinga kuti ndigule langa. Ndalizira madansi m'dziko lonse lino. Pano mapapo akana, chatsala n'kukhosi basi."

Misozi inalengeza m'maso mwawo. Mkulu wa pamalopo atabwera kudzafunsa, ndinadziwa kuti ntchito yatha. Koma a Dessie anangoti, "Musiyeni. Chimwalirireni mkazi wanga, palibe anandikumbatirapo mwamphamvu chotere."

Ntchito inapulumuka, nthiti zawo zinapola, ndipo tinakhala mabwenzi. Komabe mpaka ndinachoka pamalopo, akafuna kuyimba ankayamba afunsa kaye ngati ndili pa shifiti.